Masamba a Gologolo pa Njira ya M'phiri

Panangokhala, ndipo inu amene mukuwerenga vomerani chamumtima kuti tili limodzi. Inali nthawi imene nyama zinali zisanaleke kupalasa njinga.

Kunali Gologolo ndi mkazi wake Nangozo. Nangozo anali wa kuseri kwa phiri, ndipo Gologolo anamutenga chitengwa, kukakhala naye kumudzi kwa mwamuna. Mkaziyo ankayenda motsimphina, chifukwa ali mtsikana mwendo wake unakodwa mumsampha. Tsiku lopempha chitengwa amalume ake a Nangozo anayamba akana. Anati mwana wa mwendo wotere sakwatiwa kutali, pakuti akakazunzika sangathe kuthawira kwawo. Gologolo analonjeza kuti azidzabwera naye pafupipafupi, abale azimuona ndi maso awo. Amalumewo anavomera, koma anati lonjezolo likadzasweka adzabwera okha kudzatenga mwana wawo, ukwati n'kuthera pomwepo.

Lonjezoli Gologolo ankalisunga ndi njinga. Pakati pa midzi iwiriyo panali nkhalango ya boma, ndipo m'nkhalangomo munali kanjira kokwera phiri n'kutsikira kuseri. Njira ina yozungulira inalipo, koma yoti wapaulendo n'kumera imvi asanafike. Tsono Gologolo ankakweza mkazi wake pakaliyala n'kumatchova pang'onopang'ono. Pachitunda ankaimba nyimbo yawo. Mwamuna ankatsogolera, kuthokoza mapazi a amene anaponda njirayo poyamba osadziwa kuti akupondera iye, ndipo mkazi ankavomera kumbuyo, kukumbutsa kuti njira ilibe mwini koma oyendamo.

Nyani ndi anyamata anzake anaona zimenezi nasirira. Iwo analibe mkazi woti amunyamule, analibenso ulendo woti apite. Chimene chinawakoka ndi mtsetse basi. Anagula njinga za matayala onenepa, ankazikankha mpaka pamwamba, n'kutsika ngati mwala wogubuduzika. Nyani ankadzitama kuti mabuleki a njinga yake akadali atsopano, sanawagwirepo chigulireni.

Chapakati pa mtsetsewo panali pokhota, pamene tinyama tating'ono, afulu, ankhono ndi abongololo, tinkadumpha njira popita kukazula bowa. Tsiku lina tayala la Nyani linaponda bambo Fulu, chigoba n'kung'aluka. Sanafe, koma anagona nthawi yaitali. Mai Fulu anapita kukadandaula kwa Chiuli, kapitawo wa alonda a nkhalango, ndipo Chiuli sanachedwe. Anaika mpiringidzo pachipata n'kulengeza kuti njinga isalowenso m'nkhalango, kaya yokwera, kaya yokankha, kaya yosenza pamutu.

Mvula inagwa, bowa anamera, Nangozo osaoneka kwawo. Amalume anatumiza mawu oti bowa akatha mwana wawo asanamuone, akubwera.

Gologolo anavala jekete n'kupita kuchipata. Anagwada, nawomba m'manja, nafotokoza kuti iye sanapondepo munthu, ndipo kuti njingayo ndiyo miyendo ya mkazi wake.

"Njinga yako ili ndi matayala angati?" anafunsa Chiuli.

"Awiri, bwana kapitawo."

"Nanga ya Nyani?"

"Awirinso, bwana."

"Tsono ine ndisiyanitse bwanji?"

Chiuli anali wouma mutu koma osati wouma mtima. Anati akatsegulira mmodzi watsegulira onse, ndiye nkhani si Gologolo, nkhani ndi Nyani. Ngati Gologolo angachititse kuti Nyani aziima yekha pokhota paja, popanda mlonda woimapo ndi ndodo, mpiringidzo uchoka. Analola kuti azitsegula chipata pa masiku oyesera, iye n'kumaonerera ali m'tchire. Mai Fulu nawonso anavomera, chifukwa ankakondana ndi Nangozo ndipo nthawi zambiri ankasinja mtondo umodzi.

Poyamba Gologolo anaganiza za mabelu. Anadziwa kuti akauza Nyani kuti belu ndi lochenjezera afulu, Nyani aseka. Choncho anamuuza kuti atsikana a kumudzi akhala akufunsa kuti amene amatsika mwaukatswiri uja ndani, chifukwa fumbi limamubisa. Anati belu litati lizilira, aliyense azidziwa kuti wayamba uja.

"Anafunsadi?" anatero Nyani.

"Achimwene, ine ndatopa n'kuyankha."

Tsiku loyesera njinga zonse zinali ndi mabelu. Nyani anatsika belu likulira kuchokera pamwamba. Mai Fulu anali pakati pa njira. Atamva kulirako anachita chimene fulu amachita akaopa: analowetsa mutu ndi miyendo m'chigoba n'kukhala pomwepo. Nyani anawazemba mwamwayi, nakagwera m'zitsamba zaminga.

Mai Fulu atatulutsa mutu anayang'ana Gologolo. "Belu lanulo likuti thawa. Inu munandionapo ine ndikuthawa?"

Chiuli anatuluka m'tchire nakabwezera mpiringidzo. Gologolo anafika kunyumba mchira uli pansi. Sanayambitse nyimbo tsiku limenelo, koma Nangozo, akupeta, anaimba yekha mbali yake yovomera, ija ya njira yopanda mwini, ngati kuti wina watsogolera.

Kachiwiri Gologolo anaganiza za mtumbira. Anati njinga ikapeza chulu pakati pa njira iyenera kuima. Khasu sankalikonda, ndiye anapita kwa Mfuko n'kumunong'oneza kuti pamwamba pa pokhota paja pansi pake pali mizu yotsekemera kuposa mbatata. Mfuko anakumba tsiku lonse. Mizu sanaipeze, koma dothi limene anatulutsa linapanga mtumbira wopingasa njira yonse.

Nyani anatsika, nauona mtumbirawo, maso ake n'kuwala. M'malo mogwira buleki anatchova kwambiri. Njinga inakwera pamtumbira n'kuuluka, kudutsa pamwamba pa Nkhono amene anali atangoyamba kudumpha njira. Anyamata ena onse anatsatira, mmodzimmodzi, akukuwa ndi chisangalalo. Atafika kumunsi anabwerera kudzagwira Gologolo chanza, namupempha kuti awakonzere mtumbira wina wokulirapo.

"Ndinati uwaimitse," anatero Chiuli, "iwe wawaphunzitsa kuuluka."

Mpiringidzo unabwereranso. Bowa anayamba kuchepa m'madengu. Mawu ena anafika kuchokera kuseri kwa phiri oti amalume ayamba kufunsa za ndodo yawo yoyendera. Nangozo sanalire, sanakalipe. Anangodikira mpaka mwamuna wake atatha kudya.

"Abambo, ngati zakanika mundiuze msanga, ndiyambe kutsanzika anthu bwinobwino."

Gologolo anayesa kuyambitsa nyimbo yawo kuti amuseketse, koma mawu anamuthera pakati, pamene pamatchulidwa mapazi a anthu akale. Nangozo anavomerabe.

M'mawa mwake Gologolo ankapita kumsika wapansi, mutu uli wolemera. Podutsa pamudzi wina anapeza kuti pagwa zovuta. Paja kwathu pakachitika maliro amayala nthambi zamasamba pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa, ndipo aliyense wapanjinga amatsika, kuvula chipewa, n'kukankha njinga mpaka atadutsa masamba achiwiriwo. Gologolo ataima pambali anaona Nyani ndi gulu lake akubwera mwaliwiro pamsewupo. Atafika pamasamba, onse anatsika. Panalibe mlonda, panalibe ndodo. Nyani yemwe uja anavula chipewa, nakankha njinga mwakachetechete ngati mwana wa kwaya.

Kumsika Gologolo sanafikeko. Anabwerera kwa Chiuli n'kupempha mwayi wotsiriza, koma kuti ulendo uno chipata chikhale chotsegula masiku angapo motsatizana. Chiuli anang'ung'udza, komabe analola, nati zikalephereka apa asadzamuonenso pachipatapo.

Gologolo anakwera yekha mpaka pokhota. Anafafaniza mtumbira uja, nathyola nthambi ndi mano, naziyala pamwamba pa pokhota ndi kumunsi kwake. Kenaka anapita kwa mai Fulu. Iwo atamva anagwira pakamwa, nati kuyala masamba popanda maliro sanazionepo, ndipo iwo bodza sanena.

"Musaname, mai," anatero Gologolo. "Akakufunsani amene watisiya, inu mungowafunsa kuti iwo ndi ana a yani."

Nyani anatsika monga mwa masiku onse. Ataona masamba anafinya mabuleki, ndipo mabulekiwo analira ngati nkhumba, chifukwa kanali koyamba kugwira ntchito pamtsetsewo. Anatsika, navula chipewa, anzake onse chimodzimodzi. Pakati pa masambawo anapeza mai Fulu akudumpha njira ndi dengu lawo.

"Pepani mai, watisiya ndani?"

"Mwana woleredwa bwino, wodziwa kutsika panjinga. Ndiwe mwana wa yani?"

"Wa Nasoko, mai."

"Nasoko wa kumatanthwe? Amene ndinali naye kutsimba?"

Mai Fulu anaika dengu pansi. Anamuuza Nyani mmene iwo ndi amayi ake anavinidwira limodzi, mmene Nasoko ankalirira usiku ndi usana kufuna kwawo, ndi mmene iye Nyani ali khanda anadwalira chikuku, iwo n'kumupititsira mankhwala ulendo wa tsiku lathunthu pamtunda woti nyani n'kudumpha kawiri. Anyamata enawo ankaseka mobisa. Mai Fulu anawatembenukira, nawafunsa nawonso mmodzimmodzi, ndipo panalibe amene amayi ake kapena azakhali ake sankawadziwa. Potsiriza anatapa bowa n'kumupatsa Nyani kuti akapereke kwa Nasoko. Za amene wamwalira palibe anakumbukiranso kufunsa.

Tsiku lotsatira Nyani anabwera ndi chimanga chachiwisi chimene amayi ake anamupatsira, pamodzi ndi mafunso ambiri oti akafunse. Anapeza bambo Fulu atayamba kuyenda, mng'alu uja ukuonekera pamsana. Nyani anayang'ana pansi. Bambo Fulu anati zisamudetse nkhawa, pamangopweteka kukazizira, ndipo anamufunsa ngati matayala onenepawo amaphulika. Nyani anawanyamula n'kuwakhazika pachishalo kuti aone dziko ali pamwamba. Ana a Nkhono anapempha kuliza belu. Bongololo anafuna kudziwa kuti iye atati aphunzire njinga angaike mwendo uti pati. Masiku anapita motero, ndipo kukankha njinga kuchokera pamasamba oyamba kufika pa achiwiri kunayamba kutenga nthawi yaitali kuposa mtsetse wonse.

Chiuli ankaonerera ali m'tchire, chipewa chili m'manja, pakuti nayenso ankayesa kuti pali maliro.

Koma mbiri sigona panjira. Inakafika kwa Nguluwe, mkulu wa adzukulu, amene ntchito yawo ndi kukumba manda. Nguluwe anakwiya kuti m'dera lake mwagwa maliro iye osauzidwa. Anasonkhanitsa anzake ndi makasu, nakwera phiri, nafunafuna nyumba ya siwa. Sanapeze wolira ngakhale mmodzi. Anatola nthambi imodzi, naona pothyokapo pali mano a gologolo.

Mlandu unakambidwa pachipata, pamaso pa Chiuli. Nyama zinasonkhana, ndipo Nangozo anabwera motsimphina nakhala kumbuyo. Nguluwe analankhula osakweza mawu. Anati kuyala masamba popanda maliro ndi malodza, kuli ngati kuitana imfa kuti idzaone malo. Anatinso choopsa kwambiri n'chakuti mawa pakadzagwa maliro enieni, apanjinga adzati ndi zija za Gologolo, n'kudutsa atakwera pamaso pa anamfedwa. Onse anavomereza kuti wanena zoona.

Gologolo sanatsutse. Anati masamba anayala ndi iye, achotsa ndi iye, ndipo chilango chimene adzukulu angagamule achilandira ndi manja awiri.

Chiuli anati ngati zili choncho mayeso alephereka. Nyani sanaime yekha, anaimitsidwa ndi bodza. Mpiringidzo ukhala mpaka kalekale. Kumbuyo kuja Nangozo anaweramitsa mutu.

"Bwana kapitawo, mwaweruza masamba, Nyani simunamuweruze," anatero Gologolo. "Tichotse masambawo onse akuona. Iye akudziwa tsopano kuti kulibe maliro. Akwere, atsike kamodzi kokha, inu muone."

Nyani anali atafufuma ndi mkwiyo. Anati masiku onsewa wakhala akuvula chipewa ngati chitsiru chifukwa cha kanyama ka mchira wa tsache. Analumbira kuti lero atsika mmene sanatsikirepo, ndipo buleki saigwira ngakhale ndi chala. Chiuli anafunsa Gologolo ngati wamva. Gologolo anati wamva.

Chiuli analamula tinyama tating'ono kuti tisayandikire njira. Mai Fulu anayankha kuti iwo pakati sakhala, koma pambali pa njira palibe angawaletse, ndi pomwe amapumira masiku onse. Anakakhala pomwepo ndi dengu lawo, ana a Nkhono ali m'mbali mwawo. Nthambi zinachotsedwa n'kutayidwa kutali. Nyama zonse zinabisala, ndipo Nyani anakankha njinga kupita pamwamba.

Anatsika ngati mphepo. Matayala ankangogunda pansi mwa apo ndi apo. Gologolo anatsinzina. Mai Fulu sanaitane, sanakweze dzanja, ankangosankha bowa wawo.

Mabuleki analira.

Gologolo atatsegula maso anaona Nyani ataima pokhota, phazi limodzi pansi, nkhope ili yokwinya ngati wamwa mankhwala owawa. Kenaka dzanja linapita lokha kuchipewa.

"Mwaswera bwanji, mai?"

"Ndaswera, kaya iwe mwanawe. Chifuwa cha amayi ako chija chili bwanji?"

"Chayamba kupepuka."

Chiuli anatuluka m'tchire n'kumufunsa chimene waimira, popeza analumbira pagulu. Nyani anakanda m'mutu. Anati akanadutsa osapereka moni, dzuwa lisanalowe Nasoko akanamva, ndipo iye kunyumba sakanalowa. Anayang'ana ana a Nkhono, nawonjezera motsitsa mawu kuti kale pokhota paja ankaonapo timiyala, koma tsopano timiyalato akutidziwa mayina.

Chiuli anapita kuchipata nachotsa mpiringidzo ndi manja ake. Analengeza kuti njinga ziziyenda m'nkhalango, otsetsereka azitsetsereka, koma pamene ena amadumphira njira pakhale pa moni. Nguluwe nayenso anagamula mbali yake. Anati Gologolo ayende mudzi ndi mudzi kukanena kuti masamba a bodza atha, ndipo kuyambira tsiku limenelo, pa maliro alionse enieni, wothyola nthambi ndi kuyala pamsewu akhale iyeyo. Gologolo anati chilangocho n'chopepuka poyerekeza ndi chimene walandira.

Sanadikire kuti kuche. Anakatenga njinga, nakweza Nangozo pakaliyala, mai Fulu n'kumuika dengu la bowa wotsiriza pamiyendo kuti asakafike kwawo chimanjamanja. Pachitunda nyimbo inabwerera. Gologolo anatsogolera, ndipo ulendo uno pothokoza mapazi a anthu akale anawonjezera ndi miyendo yaifupi ya afulu, ndi makasu a adzukulu, ngakhale mabuleki a Nyani. Nangozo anavomera mpaka mawu anasasa.

Atangoyamba kutsikira kuseri anakumana ndi nkhalamba ikukwera ndi ndodo, ikupuma movutikira. Anali amalume. Gologolo anatsika msanga, nagwira njinga kuti mkazi wake asagwe. Amalumewo anayang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ana dengu, anayang'ananso mkamwini.

"Ine ndimabwera kudzakutenga," anatero.

"Mwachita bwino, amalume," anayankha Nangozo. "Tembenukani mutiperekeze."

Nkhalambayo inatembenuka n'kutsogola. Gologolo anakankha njinga pambuyo pawo mpaka kumudzi, mkazi wake ali pakaliyala. Mawu othokoza anali atamuchulukira, moti aliyense amene anakumana naye panjira, womudziwa ndi wosamudziwa yemwe, ankamuimira ndi miyendo yakumbuyo, manja ali pachifuwa.

Nyama zinaleka kupalasa njinga kalekale, koma khalidwe limeneli gologolo sanalisiye. Muoneni akamadumpha njira: amathamanga pang'ono, n'kuima chilili, manja pachifuwa. Kuno kutali kumene ndakalambira agologolo ake ndi a mtundu wina, bowa wa kwathu samudziwa, koma nawonso amaima chimodzimodzi. Ndikakumana naye mmodzi ndimamuyankha moni wa anthu awiri, wa iye ndi wa Nangozo wake, monga ndinazolowera.

Nthano yagwira buleki pamenepa. Amene munakwera nayo tsikani bwino.